Mabatani a Elson

Champiti, Ntcheu
21 Meyi, 2024

Okondedwa achemwali a Rute,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Mzuzu. Zikomo chifukwa cha masiku amene munakhala nane pamaliro. Ine ndikadali kuno kwa apongozi. Akuti zondisudzula adzakambirana amalume awo a Elson akabwera kuchokera ku Joni, ndiye ulendo wanga umathera pamjigo. Mabuku amene ndinabwera nawo ndawamaliza onse, ena kawiri.

Pali nkhani imene sindinakuuzeni. Mukukumbukira webusaiti ya kalabu ya alimi a mpunga ku Sharpevale, imene ine ndi a Elson tinkayang'anira. Kunena zoona anaimanga ndi iwo, ndipo pa kamangidwe kake sitinkagwirizana. Ine ndimakonda kutenga zidutswa zopangidwa kale, batani, fomu, tebulo, n'kungolumikiza. Iwo ankati kumeneko n'kuvala kaunjika, mawa ukakumana ndi mnzako pamsika atavala malaya omwewo. Ankafuna kusoka okha. Pa batani lililonse ankalembapo timawu tambirimbiri, aka ka mtundu, aka ka kukula, aka ka mpata, aka kopinda ngodya, mzere mpaka kutalika ngati njanji. Ndinkawaseka kuti tsiku lina adzasochera m'munda mwawo momwe. Ankayankha kuti akadzasochera ndine ndidzawafunefune.

Tsopano mpunga wakololedwa. Sabata yatha kunabwera a Saiti, aja a golosale, amene amalankhulira kalabu kwa ogula. Atapepesa anati ogula a ku Lilongwe akufuna fomu yoitanitsira mpunga pafoni, ndipo ikapanda kuoneka pofika Lachisanu likubwerali apita kwina.

Ndinayesa kuiwonjezera pa ntchito ya a Elson. Masiku anayi ndikulimbana nayo: ndikasuntha apa, apo pagwa. Iwo ankadziwa chifukwa cha kamawu kalikonse, koma sanalembe paliponse. M'kufufuzako ndinapeza batani limodzi lobiriwira mosiyana ndi anzake. Anaphonya nambala imodzi ya mtundu, munthu wosamala ngati uja. Ndinaliyang'ana mpaka batire la laputopu kutha, ndipo sindinalikonze.

Kenako ndinachita zanga. Masiku awiri okha, webusaiti yonse yatsopano, ya kaunjika yemwe uja. Achemwali, yatuluka bwino. Fomu ikugwira ntchito, ngakhale pa kafoni kakang'ono ikukwana. Ndikanakonda ikanaipa. Ndinayesa kuphatikiza ziwirizi koma zikulimbana, mitundu ndi mipata zikusokonekera, ndiye yatsopano ikakwera yakale iyenera kutsika yonse. Zolemba zawo ndidzazisunga mu laputopu, inde, koma chovala cha m'sutikesi si chimodzimodzi ndi chimene chili pathupi. Lero mlimi akadina batani lija, akukhudza chimene a Elson anasoka.

Dzulo a Saiti anaimba foni. Ndinawanamiza kuti netiweki ikuvuta. Iwo anati, "Mayi, tikudziwa kuti n'zolemera. Koma matumba ali pakhonde, ndipo anankafumbwe sadziwa maliro."

Akunena zoona. Mabanja ambiri athira thukuta m'madzi muja chaka chonse. Apongozi sindingawafotokozere zimenezi. Kwa iwo laputopuyi ndi katundu wa mwana wawo, amaipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndi nsonga ya chitenje, n'kundifunsa ngati zonse zili m'katimo zili bwino. Ndimati zili bwino.

Lachisanu teni koloko m'mawa ndidzakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, ndikakweze yatsopanoyo. N'kudina kamodzi basi. Ndikupempheni mudzandiimbire nthawi imeneyo. Simufunika kunena kanthu, mudzangokhala pafoni mpaka ndithe.

Mundiperekere moni kwa alamu a Gibson ndi ana onse, muwauze kuti ndikudya ndipo chifuwa chija chatha. Mayi musawauze za bodza langa. Ndipo ngati muli ndi kabandulo, itseguleni webusaitiyo Lachinayi lisanathe, muiyende tsamba ndi tsamba, pang'onopang'ono. Ndikufuna wina wa kwathu adzakhale ataiona.

Ndine mng'ono wanu,
Dailes