Benchi ya pa Mill Street

LACHIWIRI

Renata 9:12
achimwene pepala la bungwe la eni nyumba lija mwaliona? lachisanu 5 koloko ndiye mapeto

Renata 9:14
amene asaina afika 57%. khansolo ikufuna 60 kuti bungwe lipitirire zaka zina zisanu. amayeza kutalika kwa kumaso kwa nyumba, ndiye yathuyi poti ndi ya pakona payokha ndi 4%. tisaine tonse awiri, adadi anatisiyira tonse

Caz 13:40
ndaliona. nyumba yathu yokha $3,400 pachaka ya maluwa ndi magetsi a khrisimasi

Renata 13:42
ndi anthu 6 osesa, ochotsa chipale chofewa (sinowo) mumsewu, alonda awiri. inu ku phoenix munaiwala kuzizira kwa january kuno ku ohio

Caz 13:51
ndalamayo amalipira ndani?

Renata 13:52
ife eni nyumba, kudzera pa msonkho. mukudziwa

Caz 13:53
ife timangoipatsira. theka lake lija unaliika mu lendi ya a Augustin. iwo amavota?

Renata 13:58
alendi savota. lamulo sindinalembe ine

Caz 13:59
koma mu bodi ya bungwelo ulimo. mipando 9, alendi ndi angati?

Caz 16:20
Renata?

LACHITATU

Renata 8:05
palibe. 8 eni nyumba, 1 wa khansolo

Caz 8:31
afunse. akati eya ndisaina lero lomwe

Renata walowetsa Wilner Augustin mu gulu

Renata 10:02
mwadzuka bwnj a Augustin. pepani, ndi nkhani ya bungwe la m'tauni muno. achimwene akufuna amve maganizo anu tisanasaine

Wilner 12:47
Ndadzuka mayi. Ndinali ndi anthu pampando. Zaka 19 ndikumeta m'nyumba mwanumu, lero ndi koyamba kufunsidwa. Mundipatse nthawi ndidye kaye.

Wilner 14:10
[uthenga wamawu, 1:06]
"Chabwino ndinene. Msewu ndi woyera, zimenezo sindingakane. Kale m'mawa ndinkayamba ndatola mabotolo pakhomo. Koma paja panali benchi pansi pa windo langa. Madala anga amakhalapo podikira kumetedwa, ena ometa kale amangotsalira kucheza. Bodi yanu inati pakukhala anthu osowa chochita, ikuthawitsa ogula. Anabwera ndi galimoto nkuizula. A Toussaint ali ndi zaka 81, sangaime panja, mkati muli mipando itatu. Anasiya kubwera. Pano ndimakawameta kunyumba Lamlungu, amakhala okha ndi TV."

Caz 14:25
renata tsiku limenelo unavota bwanji

Renata 14:49
ndinavomera

Renata 14:50
anatibweretsera zithunzi za mabenchi 12 pamodzi, ena anthu atagonapo. sindinaganize kuti yanu ili momwemo

Wilner 15:02
Madala aja munkawapatsa moni m'mawa uliwonse mukamatsegula shopu yanu mayi. Mayina awo mumawadziwa.

Renata 15:30
ndi zoona

Caz 15:33
basi sindisaina. lithe

LACHINAYI

Renata 7:48
achimwene sindikukakamizaninso. ndawauza a bodi asatiwerengere

Wilner 9:15
Bambo Caz, munati mumva maganizo anga koma mwagamula ndisanamalize. Sainani.

Caz 9:40
mwati?

Wilner 9:52
Awiri mwa osesa aja timapemphera limodzi. Mmodzi mkazi wake ndi woyembekezera. Bungwe likatha Lolemba alibe ntchito, benchi sibwerera, ndipo chipale chija ndizichotsa ndekha ndi msana uno. Inu muli kotentha. Mukufuna kundikwiyira mkwiyo wanga, koma zotsatira zake zigwera ife tili kuno.

Caz 10:31
ndamva. pepani

Caz 11:06
ndasaina, ona email

Renata 11:09
yafika. zkm

Renata 12:15
a Augustin ndawerenganso malamulo a bungwe. mwini nyumba atha kusankha munthu womuimira pa mpando wake mu bodi. sakunena kuti akhale wachibale kapena mwini nyumba mnzake. wanga watsala ndi zaka ziwiri. ndikufuna mukhalepo inu

Renata 12:16
si kuti ndikugula chikhululuko. ndakhalapo zaka 7 ndipo mwaona nokha mmene ndimaonera zinthu

Caz 12:30
ine ndavomera

Renata 17:44
a Augustin?

LACHISANU

Renata 16:21
ndapereka ku khansolo. 61%

Caz 16:24
ayankha?

Renata 16:25
ayi. ndadutsa pawindo kawiri, akumeta. anangondikwezera sizasi

LOWERUKA

Wilner 7:36
Mayi, bodi imakumana liti?

Renata 7:37
lachiwiri loyamba la mwezi, 10 koloko m'mawa, ku chipinda chapamwamba cha banki

Wilner 7:41
10 koloko m'mawa aliyense wa lendi pa Mill Street ali kuseri kwa kauntala. Ndiye munkadabwa kuti sitibwera?

Renata 7:43
ndiwapempha asinthe nthawi

Wilner 7:58
Musawapemphe. Nditseka shopu maola awiri, ndikanena ndekha. Muwauze aonjezere mpando umodzi wotsamira bwino, ndikubwera ndi a Toussaint.