Thope la m'damu

Lachinayi, Disembala. Kwatentha tsiku lonse, mvula yangowopseza osagwa.

Tiana ta nsomba tafanso m'damu langa, ndatola todzaza kapu. Kwa a Zimba, oyandikana nane, tiana tonse tili moyo, chonsecho tinagula limodzi ndipo madzi timapatutsa mumtsinje umodzi.

Masana kunabwela alangizi a za nsomba. Anatunga madzi a madamu onse awili m'mabotolo n'kuyang'ana padzuwa. M'botolo la a Zimba munali tizilombo ting'onoting'ono ngati fumbi. Langa linali loyela mbee.

"Thope la pansi munapita nalo kuti, adada?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti damu litauma mu Okutobala ndinapala thope lonse n'kukathila m'dimba la lepu. Ndinkafuna ukhondo.

Akuti tizilombo timeneti ndiye chakudya choyamba cha tiana. Madzi akayamba kuphwa, tizilomboto n'kuthithikana, timaikila mazila olimba amene amagona m'thope kudikila madzi atsopano. A Zimba, amene ndinkawaseka ulesi, thope lawo sanalikhudze.

Mawa ndikawapempha ndowa ziwili za thopelo. Lepu ndiye wakula bwino, akazi anga, amake Suzyo, akuti sanaonepo wamasamba otele...