Kamalo Kachabechabe ka Bambo

Yunosawa,
9 Novembala

Okondedwa achemwali a Tomoe,

Khalani pansi kaye, nkhani ndili nayoyi ingakugwetseni. Nyumba yathu ya alendo sitsekedwanso!

Paja bambo ananenetsa kuti chisanu chikatipeza tilibe alendo, atseka basi. Ndiye nditamva kuti kukubwera mayi wa ku Australia amene amasankhira anthu malo okaona, ndinathamangira kwa aphunzitsi a Chingerezi. Anandiuza kuti kutchuka kuli ndi makwerero ake: pali malo odziwika dziko lonse lapansi, odziwika m'Japan muno, ndi odziwika kwa eni mudzi okha. Ine ndinaloweza mawu apamwambawo, mpaka kumawayimba pokolopa kudziwe la madzi otentha.

Tsikulo mayiyo anafunsa kuti malo ano ndi otchuka bwanji. Ndisanatsegule pakamwa, bambo anawerama mpaka mphumi kugunda mkeka, monga amachitira ndi mlendo aliyense.

"Pepani kwambiri, ndi kamalo kachabechabe," anatero. "Palibe amakadziwa. Ngakhale anyani amangosamba n'kumapita osatsanzika."

"Bambo, mwatiphatu!" ndinanong'ona.

"Masulira, iwe! Ndipo usathire mchere."

Ndinamasulira zonse, ndi za anyani zomwe. Achemwali, mayiyo anaomba m'manja! Akuti alendo ake atopa ndi kupondana ku Kyoto, akufuna kumene sikunamveke. Watenga pafupifupi zipinda zonse mpaka chisanu chidzathe. Ndinavina m'khitchini ngati mwana.

Tsopano akufuna mawu ochepa oti alembe pansi pa chithunzi cha nyumba yathu. Bambo akana mawu akuti "otchuka", akuti ndi bodza. Akananso akuti "obisika", akuti sitinabe kanthu. Dzulo, akupukuta mbale, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Kafunse mkulu wako Tomoe, Chingerezi ndi chakudya chake ku Canada kuja. Akuuze mmene amanenera kuti: odziwika kwa ochepa, koma amene amawadziwa amabwerera."

Achemwali, chikwatiwireni ndi alamu a Martin bambo asakufuna, dzina lanu linali lisanatulukepo pakamwa pawo. Ndinathawira kunja kukalira, koma kulira kwa chimwemwe.

Chonde tiyankheni msanga. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo sanapereke moni, inunso mukuwadziwa. Koma mayi uja atapempha chipinda choyang'ana kumtsinje chija, chanu chija, anamukaniza. Anati chili ndi mwini wake.

Ndine mng'ono wanu,
Chizuru