Chiswe cha ku Iguputo

North York, Toronto
18 Febuluwale 2025

Okondedwa Achemwali a Vainess,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse ku Kapiri, ndiponso kuti mwendo uja unasiya kutupa. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwalowa m'mafupa. Kalatayi ndapatsira mayi Mathilda amene akubwera kumudzi sabata yamawa. Sindinafune kuimba foni chifukwa ndikudziwa kuti mumakweza mawu mpaka kumapeto, ndipo nkhaniyi ikanafika kuchigayo ine ndisanaimalize. Chonde muwerenge yonse musanakwiye.

Munandituma kuti ndikhale nkhoswe ya mwana wanu Olivia, popeza malume ake kuno ndine ndekha. Ntchitoyo ndinailandira ndi manja awiri. Tinapangana kuti akuchimuna abwere kwanga Loweruka masana. Ndinakolopa, ndinasita nsalu ya patebulo, ndipo mawu oti ndikalankhule ndinkawaloweza m'basi popita kuntchito ku Mississauga, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndikudwala. Poopa kuti Sitandade 6 yanga ingachititse banja manyazi, ndinapempha a Webster, mkulu wa mpingo wathu, kuti adzakhale pambali panga. Mnyamatayo, Darius, kwawo ndi ku Chipata, ndipo nkhoswe yake ndi amalume ake a Fredrick, injiniya wa milatho, munthu wa magalasi ndi mawu aakulu.

Mwambo ndinautsata wonse. Olivia ndinamutsekera kuchipinda atavala chitenje kuti adikire kuitanidwa. Darius ndinamuuza kuti mkamwini salowa asanaitanidwe. Popeza nyumba zosanjikizana za kuno zilibe mtengo woti munthu n'kukhala patsinde, iye anakadikira m'galimoto pansi, kunja kukugwa chipale chozizira chija amati sinowo.

Kumene ndinalakwa ndi pa mandasi. Mukudziwa kuti kuntchito ndimasanja makatoni, ndipo chinthu chongounjikidwa chimandisowetsa mtendere. Ndiye mandasiwo ndinawasanja bwinobwino m'mbale, ambiri pansi, ochepa pamwamba pake, limodzi pansonga.

Titapemphera, ine ndangotsegula pakamwa kuti ndifunse chimene alendo adzera, a Fredrick analoza mbale ija.

"Ba Medson, iyitu ndi piramidi ya ku Iguputo yeniyeni."

Achemwali, mapiramidi ndi manda a mafumu akale a kumeneko, aatali ngati phiri. Ine ndinangoseka mwaulemu kuti tipitirire. Koma a Webster anavomera kuti inde, imeneyo ndi ntchito ya ana a Israyeli pamene Farao ankawazunza.

A Fredrick anavula magalasi. Anati Baibulo limanena za njerwa ndi udzu, pamene mapiramidi ndi a miyala, mwala umodzi wolemera kuposa minibasi yodzaza anthu. Anatinso pafupi pomwepo pali chimkango chamwala chokhala ndi mutu wa munthu, ndipo m'mbali mwake muli mokokoloka ndi mvula, chonsecho kuchipululuko mvula yotere inasiya kugwa zaka zikwi khumi zapitazo. Motero amene anamanga ndi mtundu wina wanzeru umene unasowa kalekale. Zonsezi anaziona pa intaneti.

A Webster anafunsa kuti mkango ungakhale bwanji wamkulu kuposa Adamu, pamene dziko lenilenilo silinakwanitse zaka zimenezo. Kukokolokako anati ndi chigumula cha Nowa. A Fredrick anaseka n'kufunsa ngati ana a Israyeli anamanga zinthuzo asanabadwe, popeza pa chigumula kunalibe Israyeli. A Webster anatsokomola nthawi yaitali ndithu.

Kenaka anayamba kugwiritsa ntchito mandasi anga. A Fredrick ankakoka limodzi pa supuni poonetsa kuti akapolo sakanatha kukweza mwala wotero. A Webster anasolola la pansi poonetsa kuti akanatha, ndipo piramidi yonse inagumuka. Limodzi linagubuduka kulowa kunsi kwa sofa. Tiyi anazizira. Ndikati, "Akuluakulu, nkhani imene tadzera," onse ankakweza dzanja osandiyang'ana n'komwe.

Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Anali Olivia kuchokera kuchipinda. Analemba kuti ndiwauze kuti mabuku amati zaka zake ndi ngati 4,500, omanga ake anali Aiguputo eni ake, ndiponso kuti Darius wazimitsa galimoto chifukwa mafuta akutha. Sindinawauze. Mtsikana amene sanaitanidwe alibe mawu pabwalo.

Zinafika poipa pamene a Webster ananena kuti zimenezo ndi ziphunzitso zachikunja. A Fredrick, amene amaimba besi m'kwaya ya kwawo, anaimirira n'kutenga jekete.

"Manje ngati banja ili litiona monga akunja, tiyeni tileke. Mwana wathu azapeza kwina."

Achemwali, m'maganizo mwanga ndinakuonani inu mutauza kale amayi onse a chigwirizano. Ndinaona Olivia kuseri kwa chitseko atagwira chitenje chake. Kuno alendo amavulira nsapato pakhomo, ndipo a Fredrick anali atavala kale jombo imodzi pamene anatembenuka n'kunena kuti eni nyumba sanalankhulepo. Anafuna kumva kwa ine kuti anamanga ndani. A Webster nawonso anati inde, ndinene.

Ndikanavomereza a Webster, mlendo akanavala jombo inayo. Ndikanavomereza a Fredrick, mkulu wa mpingo akanatuluka, ndipo Lamulungu ndikanasowa poyang'ana. M'mutu mwanga munalibe buku lililonse. Chimene chinabwera ndi chulu chija chili kuseri kwa nyumba ya malemu amayi.

"Ine ndikuganiza kuti ndi chiswe," ndinatero.

Popeza ndinali nditayamba kale, ndinapitiriza. Ndinati chulu cha kwathu n'chosongoka pamwamba, m'kati muli tinjira ndi tizipinda, pakati penipeni pamagona manthu, palibe akudziwa zaka zake, ndipo palibe anaonapo omanga ake akugwira ntchito. Ndinawonjeza kuti mwina chiswe cha ku Iguputo chinkadya bwino kuposa chathu.

A Fredrick anavula jombo ija pang'onopang'ono. A Webster anatseka Baibulo. Anayang'anana ngati anthu amene apeza munthu atakomoka pamsewu, n'kudzakhala wina kumanja kwanga, wina kumanzere.

"Injiniya, yambani ndinu," anatero a Webster.

"Iyayi, akulu a mpingo, yambani ndimwe. Uyu muntu afunika thandizo."

Anandiphunzitsa, achemwali. Wina akati chiswe sichisema miyala, mnzake ankati n'zoona. Wina akati chiswe sichilemba pakhoma, mnzake ankati mwalasa. Ndikaona kuti ayambanso kulowera kwa Nowa, ndinkafunsa kuti nanga chikakhala chiswe chachikulu kwambiri, ndipo onse ankabwerera kwa ine. Posakhalitsa anayamba kuitanana kuti achimwene ndi kugawana mandasi amene anapulumuka. Pomaliza ananenera limodzi kuti ndi anthu anamanga, anthu a manja ndi miyendo. Pamenepo ndinathokoza kwambiri, n'kunena kuti popeza tagwirizana za anthu, palinso anthu awiri amene akudikira.

Darius anakwera akunjenjemera, milomo itauma, moti moni wake unamveka ngati wa nkhalamba. Olivia anatuluka n'kugwada bwinobwino monga munamuphunzitsira. Nditamufunsa ngati munthuyu akumudziwa, anamuyang'ana kanthawi, n'kuyankha chapansipansi kuti ankamudziwa asanaume. Tonse tinaseka, ndipo mawu anga aja ndinawalankhula onse osaphonya ngakhale amodzi. Chinkhoswe chidzachitika mu Julayi, kuno kukatentha.

Zotsala zake n'zochepa. Kutchalitchi ana akunditchula kuti Malume Chiswe, ngakhale amene Chichewa sadziwa. A Fredrick amanditumizira mafilimu a mapiramidi tsiku lililonse, a Webster mavesi, ndipo agwirizana kuti kukafunda adzanditengera kunyumba yosungirako zinthu zakale m'tauni kuti ndikaone ndekha. Olivia akuti ndinachita dala. Sindinamuyankhe, ndipo inunso musandifunse. Komabe muuze mayi Mathilda ajambule chulu chija asanabwerere, ajambulire kumbali ya kukhola kumene chimaoneka bwino. Sikuti ndikufuna kutsutsa munthu ayi.

Mupereke moni kwa azakhali ndi kwa onse a pakhomo. Mankhwala opaka mwendo ali m'kathumba ka buluu, muzipaka musanagone. Ndipo mukadzapita kokalambula kumanda, mukaime pang'ono pa alamu anga a Solomon. Mukawauze kuti mwana wawo anafunsiridwa mwaulemu, anagwada, ndipo sanasowe womuimira. Chiliza chawo n'chaching'ono, cha simenti yochepa, koma palibe amene adzakangane za amene anachimanga. Mukawauze kuti yemweyo, ine mlamu wawo, ntchito ina ija anandisiyira, yoimira mwana wawo, ndaigwira.

Ndine mlongo wanu,
Medson