Mizere ya Zala Zanu pa Khoma

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo. Mlongo wanga Esinati anachira mu Epulo kuchipatala cha ku Mauwa, mwana wamkazi, makutu aakulu a malemu bambo aja. Nandolo wabereka chaka chino, koma chimanga ayi, mvula inadula msanga. Mbuzi yanu yosamva ija inalowanso m'dimba la eni, tinakapepesa.

Ine ndikadali ku Limbe, kulemba zikwangwani. Chibwerereni matipate maokala achuluka, ntchito sikusowa. Ndimadya, ndimagona, Lamulungu ndimapita kutchalitchi. Chiikireni maliro anu sindinalirepo, ndipo chifukwa chake sindikuchidziwa. Mumtima mwangoti zii.

Ndinayesa kujambula nkhope yanu, poti chithunzi chanu tilibe. Ine amene ndimajambula nsomba ndi mabotolo anthu n'kumaima kuonerera, inu mwandikanika. Maso ankatuluka a Esinati, pakamwa pa munthu wachilendo. Mapepalawo ndinakolezera mbaula.

Mwezi watha nditabwera kumudzi ndinakhala pakhonde panu, kuyang'ana khoma lija munazira musanadwale. Pansi makande akuda, pakati katondo, pamwamba phulusa loyera. Mizere ya zala zanu ikuonekabe, yokhota ngati posesa. Pena munakanikiza dothi n'kuchindikala, pena munathamanga n'kusiya chidina chikusuzumira. Paja munkati, "Dothi silidikira munthu, ukamaganiza lauma."

Ndinatapa zitatu zonsezo m'majumbo. Ku Limbe ndikumasakaniza ndi guluu n'kumapaka pathabwa ndi manja, burashi ayi. Palibe nyumba, mtengo kapena munthu. Mitundu itatu basi, ndi kayendedwe ka dzanja. Anzanga akuti ndi pamene papalasa nkhuku. Ine ndimangopakabe.

Koma mizere yanga inkakhotera kwina, yanu kwina. Masabata atatu ndinalimbana nazo. Tsiku lina dzanja lamanja litatopa ndinapakira linalo, mzere n'kugona ndendende ngati wanu. Amayi, kani munali amanzere? Zaka zonsezi munkadya ndi lamanja, moni ndi lamanja, chizindikiro cha mtanda ndi lamanja. Nditafunsa amalume, akuti agogo ankakumenyani ndi chipande padzanja muli mwana, mpaka munasiya. Koma pozira, poti palibe ankakuyang'anani, munkabwerera ku dzanja lanu. Zaka makumi atatu ndakhala mwana wanu, osadziwa.

Tsopano nkhani ndi iyi. Amalume akuti chaka chakwana, nyumba yanu igwetsedwe Loweruka monga mwa mwambo. Ndinawapempha kuti asiyeko khoma limodzilo. Akuti nyumba ya malemu sagwetsa theka. Sindinakangane nawo, mphamvu zake ndinalibe. Matabwa ndapaka anayi, koma palibe ngakhale limodzi lofika pa khoma lanu. Dzanja langa lamanzere likadali lophunzira, limanjenjemera pokhota, pomwe inu munkangodutsa kamodzi.

Lachisanu ndidzafika m'mawa ndi thabwa lomaliza. Ndidzakhala pakhondepo tsiku lonse, kupaka ndi kufufuta mpaka dzuwa litalowa. Zikadzakanika, zakanika. Koma Loweruka sindidzalola kuti ayambe anthu amene akungoonapo dothi. Khasu loyamba pakhomalo ndidzamenya ndine, ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiyano