Mipeni ya Dzanja Lamanzere

Zolozolo, Mzuzu
9 Ogasiti 1986

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko komwe munapita? Ife kuno tilipo, kungoti chaka chino kwazizira kuposa chaka chomwe tinakuikani.

Ndiyambe ndi za Loweruka pa 19 Julayi, chifukwa ndizo zandigwiritsa cholembera. Tsiku limenelo pakhonde panu tinalipo anthu asanu: ine, bambo aang'ono a Yotamu, a tcheyamani a nthambi yathu ya chipani, mzungu wina wa ntchito za nkhalango, ndi mnzake wa ku Blantyre amene ankamasulira. Alendo awiriwa amatolera mipeni yakale ya alenje. Akuti akulemba kabuku konena kuti mpeni uliwonse anausula ndani, liti, ndiponso ndi chitsulo chanji.

Anayala mipeni khumi ndi umodzi pachiguduli. Yonse inali ndi timizere titatu pafupi ndi chigwiriro, chizindikiro cha bambo. Ndinaizindikira ngati ana a m'nyumba mwathu: chitsulo cha masipuling'i a malole a matabwa, chigwiriro cha mlombwa. Mzunguyo anaika inayi mbali imodzi, isanu ndi iwiri mbali ina. Anati pa isanu ndi iwiriyo tupa inayenda mopendekera kwina, kusonyeza kuti woisula anali wamanzere, ndipo ndiyo imachedwa kubuntha. Wakhala akufunsa kuyambira ku Rumphi mpaka ku Chikangawa kuti munthu wamanzereyo anali ndani.

Amayi, ndinaona dzanja lanu pachiguduli paja. Ndinakumbukira chaka cha 1971, pamene mkono wamanja wa bambo unafa, nkumaubisa m'thumba la jekete popita kutchalitchi. Inu munkauza anthu kuti mukukapereka makala kuchipala, mukalowa nkutseka chitseko. Ine ndinkapopa mvukuto. Bambo ankakhala pachitsa kuyang'ana mtundu wa chitsulo, nyundo ili m'dzanja lanu lamanzere. Zaka zisanu ndi zitatu tinadya ndi kuvala za nyundo imeneyo. Munandiletsa kuuza munthu, poti alenje amati mpeni wosulidwa ndi mkazi umathawitsa nyama. Munkaseka nkunena kuti, chitsulo sichifunsa kuti wandimenya ndani. Ndipo agwape ankafa ndithu ndi mipeni yanuyo.

Ndisanatsegule pakamwa, bambo aang'ono anakhosomola nanena kuti wamanzereyo ndi iwo, kuti ankathandiza mkulu wawo atadwala. Iwo amene zaka zonsezo ankafika pakhomo pano nthawi ya chakudya yokha. Ankanena zimenezo kapu ya tiyi ili kudzanja lamanja.

Mukudziwa kuti mawu anga sapita patali. Komabe ndinayesa. Ndinati, "Pepani, mipeniyo anasula ndi amayi anga."

Bambo aang'ono anaseka. "Yayi, mwana uyu ankakonda mayi ake chomene. Mkazi ndi nyundo, munaziona kuti?"

A tcheyamani anandiyang'ana nati si bwino kutsutsa akuluakulu pamaso pa alendo a boma, kenako anandifunsa ngati khadi la chipani la chaka chino ndili nalo m'thumba. Ndinali nalo, koma ndinamva chomwe amatanthauza. Womasulira uja sanamasulire mawu anga. Ndinaona mzungu akulemba dzina la Yotamu, nafunsanso kalembedwe kake kuti asalakwitse.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikupirira. Koma bambo aang'ono analowa m'nyumba nkutulutsa mpeni wanu uja wa m'bokosi, womaliza, umene munadzisulira nokha titaika bambo mu 1979, wopanda chizindikiro chilichonse. Uja munkasendera chinangwa. Anati katundu wa pakhomo pa mkulu wawo ndi wa mtundu, naugulitsa kwa mzunguyo K40. Polandira ndalama anaomba m'manja nati yewo chomene. Ine ndinachotsa makapu.

Zina za pakhomo nazi. Mpongozi wanu anachira pa 11 Malichi, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Esinati, dzina lanu. Ali ndi mphumi yanu komanso sakonda kulira. Kumunda kwa ku Choma tapeza matumba asanu ndi limodzi, chifukwa feteleza ndinathira mochedwa. Denga la chipala linagwa ndi mvula ya mu Epulo ndipo sindinalikonze. Chidutswa cha njanji chomwe munkasulirapo chidakali pomwepo, nkhuku zikugonapo. Ine ndidakali pachigayo ku Katawa, ufa m'mphuno tsiku lililonse. Mdzukulu wanu Tiwonge wayamba sukulu. Amagwira choko ndi dzanja lamanzere, ndipo mayi ake ankamumenya kadzanjako kuti asinthe. Kuyambira pa 19 Julayi ndaletsa zimenezo m'nyumba muno.

Lachitatu lotsatira ndinapempha theka la tsiku nkupita komwe mzunguyo amakhala ku Katoto. Ndinalankhula naye ndi Chingelezi changa cha Sitandade 8, popanda womasulira, popanda tcheyamani. Ndinamuuza za makala, za chitseko, za mkono wa bambo. Ndinamuonetsa momwe munkaimira, phazi lamanja patsogolo. Si munthu woipa. Anandipatsa mpando namvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati nkhaniyo ndi yokoma, koma sangasinthe zomwe analemba popanda mboni yachiwiri, poti wamkulu wa banja ananena zina pamaso pa anthu.

Mboni yachiwiri ndikaitenga kuti, amayi? Bambo ali nanu kumeneko. Ndinapita kwa a Nyirenda, mlenje wokalamba uja amene anagula mipeni itatu kwa ife. Ananditsekera m'nyumba nandiuza motsitsa mawu kuti iwo ankadziwa kalekale, poti kulira kwa nyundo kunasintha. Koma sanganene pagulu kuti zaka zonsezi akhala akulowa m'tchire ndi mpeni wa mkazi. Anandiperekeza mpaka pamsewu nati ndipereke moni kunyumba.

Ndi inunso ndili nanu mawu. Munkati moto ukafiira usamayankhule, uzingopopa. Munandiphunzitsa kukhala chete, ndipo ndinaphunzira bwino kwambiri. Munabisala mwaluso kuti tisagone ndi njala, moti lero ngakhale ine mwana wanu ndikulephera kukutulutsani. Kabukuko kadzatuluka ndi dzina la munthu amene sadziwa n'komwe kuti chitsulo timachiviika m'mafuta chikafika mtundu wanji.

Chimodzi chokha mzunguyo anavomera. Mpeni wanu womaliza adzandibwezera ndikamubwezera ndalama yomwe analipira, asanakwere ndege kumapeto kwa Okutobala. Kwa bambo aang'ono sindinapemphe kanthu, ndipo sindidzapempha. Ndikaulandira ndidzakoleza moto kuchipala, denga lilipo kapena palibe, ndidzatenthetsa msomali nkulemba pachigwiriro ESINATI NAPHIRI ANASULA. Chitseko chidzakhala chotsekula, Tiwonge ataima pomwepo. Ili ndi lonjezo langa.

Mupereke moni kwa bambo. Muwauze kuti mng'ono wawo tsopano ndi wamanzere.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Wedisoni

Pa 2 Ogasiti ndinapereka K14. Yatsala K26.