Amene Anasambitsa Sauda

Hillbrow, Joni
14 Julaye

Okondedwa Amayi, Abiti Suwedi,

Assalamu alaikum. Ndiyambe ndi moyo wanu. Mawondo aja akukulolani kugwada pa swala, kapena mukuswalirabe pampando? Mlongo wanga Amin anandiuza kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi mumawasiya mukangomva bwino. Musamatero, chonde. Ine kuno foni ikalira m'mawa mtima umayamba kugunda ndisanaone n'komwe amene akuimba.

Ine ndili bwino, Alhamdulillah. Kukuzizira kwambiri, madzi a udhu, osamba tisanaswali aja, akuluma zala. Ntchito ya ku Randburg ikadalipo, masiku anayi pa sabata, kuchapa ndi kusita. Chikepe cha pa fulati yathu chinafanso, ndiye tikukwera masitepe mpaka nsanjika ya chisanu ndi chinayi.

Kalatayi ndapatsira a Jerome, aja amanyamula katundu wa anthu kupita ku Mangochi. Sindinafune kunena izi pafoni chifukwa foni ya Amin imalankhula mokweza ndipo alamu anga amamva zonse ali kukhitchini. Amin, iwe amene ukuwawerengera Amayi, mukhale awiriwiri, ndipo usadumphe mzere ngakhale umodzi.

Ndamva kuti a Jafali ndi akazi awo anabwera kunyumba ndi tambala ndi chitenje, kudzakuthokozani kuti mwana wanu ndiye anasambitsa maliro a mwana wawo Sauda kuno ku Joni. Ndamvanso kuti munalira, ndipo Lachisanu munauza azimayi ku mzikiti kuti ntchito yanu yapeza woisiyira. Amayi, Sauda sindinamusambitse ine. M'chipindamo ndinalimo, manja anga ananyowa, koma amene anamusambitsa ndi wina.

Mukumukumbukira Omega, mtsikana wa ku Chipata amene ndimakhala naye chipinda chimodzi chogawa ndi keteni? Amaluka tsitsi mu saluni ya pansi pa fulati. Zaka zitatu zapitazo ankapita ku tchalitchi. Anasilimuka ine ndikuona. Mpango woyamba ndinamumanga ndine. Udhu ndinamuphunzitsa ndine pa sinki ya m'bafa, iye n'kumayamba ndi mapazi, ine n'kumafa ndi kuseka. Ku madarasa a azimayi a Lamlungu ku Mayfair ndinamutengera ndine, nditamugwira dzanja pa renki ya takisi ngati mwana.

Amatiphunzitsa kumeneko ndi Abiti Nasibu, mayi wa ku Ntaja, wa msinkhu wanu. Tsiku loyamba atamva dzina lanu anaimirira n'kundikumbatira. Anauza azimayi onse kuti uyu ndi mwana wa Abiti Suwedi a ku Namwera, amene asambitsa maliro zaka makumi atatu. Kuyambira pomwepo aliyense ankangoti Lukiya amadziwa. Ine sindinatsutse. Zinkandikoma.

Koma inu mukudziwa kuti sindinalowepo m'chipinda cha maliro. Ndinkafikitsa ndowa pakhomo n'kuthawa. Munkati ndikakhwima mudzandilowetsa, kenako unabwera ukwati, ukwati utatha inabwera Joni.

Omega uja amafika ku madarasa woyamba. Amasesa, amayala mkeka wa a mwalimu, n'kukhala pafupi ndi mawondo awo ndi kope lake lobiriwira. Amafunsa chilichonse, ngakhale zimene mwana wa zaka zisanu kwathuko amadziwa. Tsiku lina anafunsa ngati Mulungu amamva duwa yopemphedwa m'Chinyanja cha ku Chipata. Azimayi anaseka, ine ndinaseka kuposa onse. Abiti Nasibu sanaseke. Anamuyankha bwinobwino, kenako anatiyang'ana n'kunena kuti amene wafunsa apita kunyumba akudziwa, koma oseka apita ndi mano awo okha.

Ine ndinkakhala kumbuyo, nditatsamira khoma, ndikugwedeza mutu ngati zonse ndinazimva kalekale. Funso langa silinamvekepo m'chipindamo. Mwana wa Abiti Suwedi afunse chiyani? Atayamba phunziro la maliro, n'kubweretsa chidole cha m'sitolo ya zovala kuti azimayi aziyeserapo, ndinasiya kupita. Ndinati adona akundifuna Lamlungu. Linali bodza. Ndinkaopa kuti andiuza kuti ndiimirire ndiwaonetse anzanga.

Omega ankabwerako akung'ung'udza masura a m'Kurani ndi mawu ake osalala aja, ine kuseri kwa keteni ndikugundanitsa mapoto dala. Tsiku lina anabwera ndi Kurani yakale ya Abiti Nasibu, ya chikuto chong'ambika, akuti amupatsa. Ine wobadwira m'Chisilamu, wotchulidwa dzina ndi ashehe, sanandipatsepo ngakhale tasibihi ya pulasitiki, mikanda yopempherera ija.

Sauda anamwalira kuchipatala Lachiwiri m'mawa. Abiti Nasibu anali ku Durban kwa mwana wawo amene anali atangobereka. Azimayi anaimbira ine. Ndikanangoti sindidziwa, akanafuna ena, nthawi inalipo. Ine ndinati ndikubwera. M'takisi monse ndinkayesa kukumbukira zimene ndinkamva kuseri kwa chitseko ndili mwana, koma chimene chinkabwera ndi fungo la ubani ndi kulira kwa ndowa basi.

Ku mzikiti kuli chipinda chosambitsiramo, cha matailosi, chokhala ndi tebulo lachitsulo. Tinalimo anayi: ine, Omega, ndi azimayi awiri a ku Mangochi amene sanasambitsepo. Za thupi la malemu sindilemba, chifukwa munkanena kuti zoona m'menemo zimathera momwemo. Ndilemba za ine.

Anandipatsa sizasi ndi nsalu ya sanda yokulungira thupi. Ndinati tidule zidutswa zitatu, poti ndinaona amuna akudula zitatu pakhonde pa maliro a Bambo. Chimodzi ndinali nditadula kale, chachifupi. Omega anabwera ngati akundikonza mpango n'kundinong'oneza kuti asisi, mkazi ndi zisanu. Ndinamuyankha ndi mano olumana kuti wayamba liti iwe. Iye anatola chidutswa chachifupicho mwakachetechete n'kuchiika pambali kuti chikhale cha kumutu, ngati ndinadula dala.

Kenako nthawi yosambitsa inakwana. Azimayi aja akundiyang'ana, ine ndaima ndi jagi ya madzi, sindikudziwa poyambira. Ndinaganiza za inu, ndinaganiza za amake Sauda, ndinaganiza zoti ndikomoke.

Ndiye Omega anayamba kundifunsa mafunso mokweza. Asisi, timufunditse kaye nsalu tisanachotse chovala cha kuchipatala, eti? Ine ndinati eya. Asisi, timuchititse udhu, eti? Eya. Mbali ya kumanja ndiyo yoyamba, si choncho asisi? Eya. Tithire katatu? Eya. Chilichonse ankachifunsa, ine n'kuvomera, iye n'kuchita. Tsitsi analiluka zingwe zitatu ndi manja ake a mu saluni aja, pang'onopang'ono ngati Sauda angamve kuwawa. Ntchito yanga yonse tsiku limenelo inali eya.

Titatuluka, azimayi anandigwira manja. Ankati Mashallah, magazi a Abiti Suwedi sanama. Wina anati taonani, ngakhale Omega waphunzira tsiku limodzi chifukwa choima pafupi ndi Lukiya. Omega anali akutsuka ndowa, sanadzutse mutu. Sauda anaikidwa tsiku lomwelo ku manda a Asilamu. Zonse zinayenda m'njira yake, a Jafali asadere nkhawa pa zimenezo. Nkhaniyo inafika ku Namwera ine ndisanafike ku Hillbrow.

Mwina mukuganiza kuti ndinamuthokoza. Sindinamulankhule masiku asanu ndi atatu. Akanandichititsa manyazi pagulu, bwenzi ndili nacho chifukwa chomuda. Koma iye ankangondisiyira madzi otentha mu ketulo m'mawa, n'kupereka salamu kuseri kwa keteni, ine n'kuyankha ngati ndili ndi chimfine. Ndinkadikira tsiku limene adzauze wina mu saluni, poti mu saluni simukhala chinsinsi. Mzimayi aliyense wondipatsa moni pamasitepe ndinkamuyang'ana pakamwa. Palibe anamva.

Lachitatu lina, iye ali kuntchito, ndinatsegula kope lake lobiriwira. Ndinkafuna kukopera zonse za maliro ndiziloweze, kuti a mwalimu akabwera andipeze ndikudziwa. Pa tsamba loyamba analemba maina a anthu amene anamuphunzitsa, oti aziwachitira duwa akatha kuswali. Maina atatu. Loyamba linali langa. Analemba kuti Asisi Lukiya, udhu ndi Fatiha, sura yoyamba ija. Ndinatseka kopelo osakopera kanthu. Ndinalira, koma musaganize kuti kunali kulira kwabwino. Ndinakwiya, Amayi. Masura wandiposa, maliro wandiposa, tsopano ndi ulemu womwe wandiposa. Chandisiyira n'chiyani?

Abiti Nasibu atabwera anandiitana ndekha. Njira yonse ndinkati Omega waneneza, ndipo mtima unali ukukondwa kuti tsopano ndamupeza nacho chifukwa. Ayi ndithu, sananene. A mwalimu anangondifunsa, ngati ocheza, kuti m'madzi omaliza tinathiramo chiyani. Ndinayang'ana mkeka. Anafunsa kuti tsitsi tinaligoneka mbali iti. Ndinayang'anabe mkeka. Kenako ananena kuti anayamba kukayika kale, tsiku limene ndinathawa chidole.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati ilimu, kudziwa za chipembedzo, munthu satengera kwa amake ngati mphuno, imafuna kukhala pansi patsogolo pa woidziwa. Anati iwowo, ndi imvi zawo, mawu oti sindidziwa amawanena sabata iliyonse, kenako n'kupita kukafunsa ashehe. Anati wamoyo ukamudulira malaya molakwika amabwera kudzadandaula, koma wakufa sabwera, n'chifukwa chake womusambitsa ayenera kuopa Mulungu kuposa kuopa azimayi. Potsiriza anandifunsa kuti Lukiya mwanawe, ukufuna kudziwa kusambitsa maliro, kapena ukufuna anthu azinena kuti umadziwa? Mpaka lero funsolo likunditsata ngakhale ndikamasita malaya a abwana.

Agamula kuti Lamlungu likubwerali ndiyambe pa ndowa. Kutunga madzi, kutenthetsa, kutsuka, kuyang'ana, ndi kufunsa funso limodzi mokweza tsiku lililonse. Gulu la oyamba kumene, woliphunzitsa pa chidole chija ndi Omega. Ndikakhale pamkeka patsogolo pa mtsikana amene ankayamba udhu ndi mapazi. Azimayi amene anandigwira manja aja akandiona. Ndaganizapo zosamukira ku mzikiti wina, ndaganizaponso zonena kuti mawondo anga atengera anu. Koma nanga mawa akamwalira wina, a mwalimu kulibe, Omega kulibe, n'kuimbira ine? Ndidzati eya kwa ndani?

Ndakumbukira kuti munkatiuza za mayi wa ku Katuli amene munamunyamulira ndowa zaka zinayi asanakuloleni kugwira thupi. Ndinkaziyesa nkhani zongotiopseza kuti tizitunga madzi. Kodi sizinkakuwawani? Kodi panalibe mnzanu amene analowa m'chipinda inu mukadali pakhomo? Ngati analipo, munkamuyang'ana bwanji?

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndi lolemera. Mupite kwa a Jafali mukawauze zoona. Lachisanu muwauzenso azimayi a ku mzikiti, pamalo omwewo munaimirira ponena za ine. Ndikudziwa kuti ena aseka, ndipo dzina limene aseke ndi lanu, limene mwalisunga zaka makumi atatu. Zimenezi zikundidwalitsa. Ndikhululukireni, Amayi. Koma amake Sauda akuchitira duwa munthu wolakwika. Dzina lake ndi Omega. Amin, uwabwerezere mpaka alitchule bwino.

Tambala uja ngati mwadya kale, palibe kanthu, munamudya musakudziwa. Koma chitenjecho musachisoke. Mupatse a Jerome abwere nacho pa ulendo wobwerera, mwini wake ali kuseri kwa keteni. Ndidzamupatsa ndi manja anga awiri. Ndikudziwa kale kuti chidzamukhala bwino, chilichonse chimamukhala, ndipo ndizidzachiona tsiku lililonse chitapachikidwa pa chingwe chathu.

Mundichitire duwa pa mtima wangawu, chifukwa sunachire. Dzulo ndinamuyankha salamu yonse mpaka kumapeto, kenako ndinamufunsa kuti m'madzi omaliza amathiramo chiyani. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kutsekanso. Akuti asisi, funso labwino ngati limeneli musaliwononge kuno, mukalifunse Lamlungu kuti ena amve nawo. Ndinafuna kumugenda ndi ketulo. Ndalilemba pa kope langa, labuluu, ndagula dzulo lomwelo.

Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achemwali anga ndi ana awo, kwa alamu anga, ndi kwa iwe Amin, zikomo powerenga. Ukatha uipinde kalatayi uwapatse Amayi, usaiike pawindo. Kwa a Jafali ndi akazi awo, pepani kawiri.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzakhale pamkeka patsogolo panu ndi ndowa yanga.

Ndine mwana wanu,
Lukiya